Mtsempha anautsegula, nanga mtimawo ukudikira chiyani?

Nyenyezi_62
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikulira. Amuna anga, a zaka 58, anagwidwa ndi heart attack masabata atatu apitawa. Anadzuka mbandakucha thukuta lili kamukamu, akuti pachifuwa ngati munthu wawakhalira. Anakana zakuchipatala, ati ndi mpweya wa m'mimba utha wokha, ndiye tinakafika patatha maola 5. Madokotala anapeza kuti mtsempha wakutsogolo kwa mtima watsekekeratu. Analowetsa kachubu pamkono wamanja n'kuika stent, kachitsulo kogwira mtsempha kuti ukhale wotseguka. Atamaliza anandiitana kundionetsa pakompyuta: chithunzi choyamba mtsempha ukuthera panjira ngati nthambi yodulidwa, chachiwiri magazi akuyenda mpaka kunsonga. Ndinalira ndi chimwemwe, ndinkati basi zatha.

Mawa lake atawaunika mtima anati ukupopa 32 peresenti. Ndinati palibe kanthu, paja ndi dzulodzuloli. Koma mpaka lero akakwera masitepe khumi amafika pamwamba ali wefuwefu, masana amangosinza pampando, ndipo mapiritsi ndi a mitundu 7. Nanga ngati mtsempha anautsegula, mtimawo ukudikira chiyani? 32 ameneyu adzakwera, kapena ndi momwemu mpaka kalekale? Eniakewo ayamba kunena kuti chikuwafoola ndi mapiritsi, akufuna asiyeko ena.

Mlonda47
Asayerekeze! Zinazo tikambirana pang'onopang'ono, koma ichi chokha muwauze lero lomwe. Makamaka aspirin ndi mnzake uja, kaya anawapatsa clopidogrel kaya ticagrelor. Stent ndi kachitsulo kolukana, ndipo kasanakutidwe ndi khungu la m'kati mwa mtsempha, magazi amafuna kuundana pomwepo. Akaundana mtsempha umatsekeka kamodzin'kamodzi, ndiye mwabwerera pa tsiku loyamba lija, mwinanso kuposa pamenepo. Ine anandiuza kuti chaka chathunthu osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

Kambuku
32 peresenti?? Ndiye kuti 68 yenseyo inafa? Pepani kwambiri mayi.

NamwinoWakale
A Kambuku, musawaopseze amayiwa, nambalayo siwerengedwa choncho. Chipinda chachikulu cha mtima, chakumanzere munsi, chimadzaza magazi kenako n'kufinya. Sichifinya onse, ngakhale kwa mnyamata wothamanga mpira. Mtima wabwinobwino umatulutsa pakati pa 55 ndi 70 pa 100 alionse a magazi amene alowamo, otsalawo amadikira kugunda kotsatira. Madokotala amati EF. Ndiye 32 muziyerekeza ndi 60, osati ndi 100. Ndi wotsika ndithu, sindikubisani, koma si kuti mtima watsala chidutswa.

Tsopano funso lanu, a Nyenyezi. Chimene anakonza tsiku lija ndi paipi. Chimene chikufooka ndi pampu. Mtsempha ukatsekeka, mnofu umene umamwa pa mtsempha umenewo umagawika. Wina umafa, ndipo pa masabata 6 mpaka 8 pamakhala chipsera. Chipsera sichifinya ndipo sichidzafinyanso. Koma wina, makamaka wam'mbali mwa pomwe pafapo, umakhala wamoyo, kungoti wachita dzanzi. Munakhalirapo mwendo nthawi yaitali? Mukadzuka magazi amakhala abwerera kale, koma mwendo ukukana kuponda. Mtima umachitanso chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti dzanzi la mwendo limatha pa mphindi ziwiri, pamene la mtima limatenga masiku, masabata, mwina miyezi. Pa sikani ya tsiku lachiwiri, mnofu wakufa ndi mnofu wadzanzi umaoneka chimodzimodzi: wonse uli duu osasuntha. N'chifukwa chake nambala ya tsiku limenelo sitiitenga ngati chigamulo. Adzawaunikanso pakatha masabata 6 mpaka miyezi itatu, ndipo imeneyo ndiye nambala yoikirapo mtima.

Kambuku
Aaa chabwino, ndalakwa masamu. Ndakhululuka ndekha kkkk.

Fulu
Ine ndine mboni ya dzanzi limeneli. Ndidadwala zaka zinayi zapitazo, mtsempha womwewo wakutsogolo. Potuluka m'chipatala ndidali pa 30. Mwezi woyamba ndinkasamba nditakhala pampando, kupukuta msana kokha ndinkapumira kaye. Mkazi wanga adajambula mzere pakhonde, tsiku lililonse ndiziyenda kufika pamzerepo ndi kubwerera, sabata ikatha amausuntha. Pa mwezi wachinayi adandipeza ndi 48. Lero ndimayenda ola lathunthu osaima. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi.

Chiphaliwali
Nkhani ngati za a Fuluzi n'zimene zimandipsetsa mtima pagulu pano. Sindikuti akunama, koma amene zawayendera bwino ndi amene amalemba, ife enafe timangokhala chete, ndiye wobwera kumene amaona ngati aliyense amachira. Ine ndinali pa 28. Ma stent atatu. Mankhwala onse ndinamwa, kuyenda ndinayenda, fodya sindinasutepo chibadwire. Patatha chaka: 30. Patatha zaka ziwiri: 29.

Ndipo si ine ndekha. Ku UK anachita kafukufuku wotchedwa REVIVED, zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Odwala 700, onse mtima wopopa 35 kapena kucheperapo, onse anawaunika n'kupeza kuti mnofu wamoyo ulipo. Theka anawaika ma stent kuphatikiza mankhwala, theka mankhwala okha. Patatha zaka zoposa zitatu, omwalira ndi ogonekedwa chifukwa cha kufooka kwa mtima anali ofanana mbali zonse ziwiri. Nambala ya EF nayonso sinasiyane. Ndiye tisamawauze anthu kuti stent imadzutsa mtima.

Fulu
Achimwene, ine ndangonena zomwe zidandichitikira. Sindidalonjeze munthu.

Chiphaliwali
Mwambi uja ndi lonjezo. Ine nkhono ndaiyang'ana zaka zitatu, maso sinatulutse.

WophunziraUdokotala
A Chiphaliwali, za REVIVED mwanena zoona, koma mwaika katundu pa mutu wa munthu wina. Kafukufuku ameneyo sanatenge anthu amene mtsempha wangowatsekekera kumene. Anatenga anthu amene mitsempha yakhala yopanikizika kwa nthawi yaitali ndipo mtima unafooka pang'onopang'ono. Ndi matenda awiri osiyana, ngakhale chida chake ndi chimodzi.

Kwa bambo a Nyenyezi, mtsempha unatsekeka usiku umenewo ndipo mnofu unali kufa ola ndi ola. Pamenepo palibe mkangano: kutsegula msanga kumapulumutsa mnofu ndiponso moyo. Ofufuza Reimer ndi Jennings anaonetsa mu 1977, poyesa pa agalu, kuti imfa ya mnofu imayambira kukhoma lam'kati mwa mtima pakangotha mphindi pafupifupi 20, n'kumafalikira kunja ngati moto wolusa, ndipo pakatha maola angapo mbali yaikulu ya chigawocho imakhala yapita. Stent imazimitsa motowo. Zimene zapsa kale sizibweza. Dzanzi limene a NamwinoWakale afotokozali, Braunwald ndi Kloner ndi amene analipatsa dzina mu 1982.

Gulu lachiwirilo ndi la mnofu umene amati wagona tulo. Dokotala Shahbudin Rahimtoola ndi amene anatchukitsa ganizoli m'ma 1980: mnofu ukamalandira magazi operewera kwa miyezi kapena zaka, umadzichepetsera ntchito kuti usafe. Kwa zaka zambiri aliyense ankakhulupirira kuti ukangoupatsa magazi udzuka. Kwa ena umadzukadi. Koma REVIVED inaonetsa kuti ukawerenga anthu ambiri pamodzi, stent siiposa mankhwala abwino pa gulu limeneli. Apo ndikugwirizana nanu.

Chiphaliwali
Nanga ine ndili gulu liti? Heart attack ndinadwala, stent anaika tsiku lomwelo.

WophunziraUdokotala
Popanda kuona mapepala anu ndingakhale ndikulosera. Koma zimene zimalepheretsa nambala kukwera zimadziwika. Chachikulu ndi kukula kwa chipsera. Sikani ya MRI imaonetsa bwino: chipsera chikadya kuposa theka la kuchindikala kwa khoma, mwayi woti mbali imeneyo idzafinyenso ndi wochepa. China n'chakuti nthawi zina mtsempha waukulu umatseguka bwinobwino, koma timitsempha ting'onoting'ono tam'kati mwa mnofu, tosaoneka pa chithunzi chija, tatupa kapena tatsekeka ndi zinyenyeswa, ndiye magazi amafika pakhomo osalowa m'nyumba. Palinso amene anadwalapo kale osadziwa, makamaka a shuga, chipsera chakale chilipo kale.

Chiphaliwali
Shuga ndili naye. MRI anati chipsera chadutsa khoma lonse kunsonga kwa mtima. Ndiye mwandilosera bwino ndithu.

Nyenyezi_62
Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo zimene mwalemba a Mlonda47, ang'ung'udza koma amwa. Koma mawu a moto wolusawo andilasa. Maola 5 aja ndinali ine pambali pawo, ndikuwapatsa madzi ofunda. Ndikanawakakamiza ola loyamba, bwenzi lero tikunena zina.

MayiWaAtatu
Ayi achemwali, musadzisenzetse umenewo. Munthu wamkulu akakana, mumunyamula? Ndinu amene munawafikitsa, ndipo ali moyo.

NamwinoWakale
Ndiwonjezere apa. Maola si chinthu chokhacho. Anthu ena amakhala ndi timitsempha tam'mbali timene tinamera pang'onopang'ono mtsempha waukulu ukuchepa, ndipo timadyetsako chigawocho ngakhale njira yaikulu yatsekeka. Kwa ena mtsempha umatsekeka n'kutsegukako pang'ono, n'kutsekekanso. Ndinaonapo ofika pa maola 6 amene mtima wawo unabwerera bwino, ndi ofika pa maola awiri amene unavulala kwambiri. Ndipo maola 5 akadali m'kati mwa nthawi imene kutsegula kumathandiza. Chimene mungatengepo n'chakuti tsiku lina chifuwa chikadzawawanso choncho, palibe kukambirana.

Nkhwazi
Pepani ndilowerere. Kodi opaleshoni yeniyeni ija yong'amba chifuwa siposa stent pa nkhani imeneyi? Malume anga anawauza kuti stent siwathandiza, akufunika bypass. Ali pa 30, mitsempha itatu yonse ndi yowonongeka, shuganso ali naye. Banja lagawikana, ena akuti mtima wofooka choncho sungapirire mpeni.

MayiWaAtatu
Bambo anga anachitidwa imeneyo ali ndi zaka 66. Anachotsa mtsempha kumwendo, wina anautenga m'kati mwa chifuwa momwemo, n'kulumikiza kuti magazi azilambalala potsekekapo. Chimene sanatiuze n'chakuti bala lakumwendo ndi limene lidzavute kuposa lapachifuwa. Mwendo unatupa miyezi iwiri. Ndipo kutsokomola! Fupa lapachifuwa amalidula pakati n'kulimanga ndi mawaya, ndiye akafuna kutsokomola ankakumbatira kapilo ngati mwana wakhanda. Kapilo kameneko mpaka lero sakalola kuti tikataye. Kuyetsemula ankakuopa kuposa imfa.

Mlonda47
Kkkk zoona, mnzanga wina ankati akamva kuyetsemula kukubwera ankayamba kupemphera.

Kambuku
Koma amene anayamba kuganiza zochotsa mtsempha kumwendo n'kukausoka pamtima anali wolimba mtima bwanji.

WophunziraUdokotala
René Favaloro, dokotala wa ku Argentina, ndi amene anaikhazikitsa njira imeneyo mu 1967 akugwira ntchito ku Cleveland. Njira yotsegula mtsempha ndi kabaluni inabwera patatha zaka khumi: Andreas Grüntzig, ku Zurich, mu 1977, pa munthu wa zaka 38 ali maso. Ma stent oyamba m'mitsempha ya mtima anaikidwa mu 1986. Ndiye zonsezi n'zazing'ono kuposa agogo ambiri pagulu pano.

A Nkhwazi, funso lanu lili ndi kafukufuku wakewake, dzina lake STICH. Odwala 1,212 a mtima wopopa 35 kapena kucheperapo, theka bypass ndi mankhwala, theka mankhwala okha. Abale anu amene akuopa mpeni sakulakwa kwenikweni: m'masiku 30 oyambirira, omwalira anachuluka mbali ya opaleshoni. Pa zaka 5 kusiyana kunali kosaoneka bwino. Koma atawatsatira zaka pafupifupi 10, lipoti la 2016 linaonetsa kuti omwalira anali 59 pa 100 mbali ya opaleshoni, 66 pa 100 mbali ya mankhwala okha. Ndiye umalipira chiopsezo poyamba kuti udzapindule patsogolo, ndipo amene anapindula kwambiri ndi ocheperako zaka. Msinkhu wa malume anu, impso zawo ndi mapapo awo ndi zimene madokotala aziyeza.

Koma pali chinthu china mu STICH chimene ndikufuna a Chiphaliwali amve. Atayang'ana amene EF yawo inakwera pa miyezi inayi ndi amene sinakwere, anapeza kuti kutalika kwa moyo sikunatsatire nambalayo. Zikuoneka kuti phindu la bypass lagona kwambiri pa kuteteza mnofu wotsalawo ku heart attack ina, osati pa kudzutsa wogona uja.

Chiphaliwali
Ndiye mukundiuza kuti 29 wangayu ndisamamudandaule?

WophunziraUdokotala
Ndikuti si iye yekha amene akulamula. Mumayenda mtunda wotani? Munagonekedwapo kangati zaka zitatuzi?

Chiphaliwali
Sindinagonekedwepo. Ndimayenda mphindi 40 m'mawa uliwonse, pamalo osakwera. Chitunda ndiye mdani wanga.

Fulu
Ndiyetu nkhono yanu idatulutsa diso limodzi, achimwene.

Chiphaliwali
Inu a Fulu mundisiye kkkk.

Wofatsa
Pa nkhani ya manambalayi, ine ndinasiya kuwapembedza. Sabata imodzi ndinaunikidwa kawiri, chifukwa pepala loyamba linasowa. Lolemba 38, Lachisanu 44. Mtima womwewo, makina omwewo, anthu ounika osiyana. Nditafunsa anandiuza kuti sikani ya echo imatha kusiyana ndi 5 mpaka 10, kutengera amene wagwira kachipangizoko, mmene wagonera wodwala, ngakhale mmene BP ilili tsiku limenelo. Ndiye wina akachoka pa 32 kufika 35 asaphe mbuzi, ndipo akatsika kuchoka 40 kufika 37 asayambe kugawa katundu.

Kadzidzi
Ine wotchi yanga yapamkono imandiuza chilichonse, kugunda kwa mtima, tulo, mpweya. Ndinasiya kudalira masikani.

Mlonda47
Wotchi imawerenga kuti mtima wagunda kangati, siiona kuti wafinya bwanji. Ndi ngati kuwerenga masitepe a munthu n'kumati wadziwa katundu amene wasenza.

Kadzidzi
Komatu inandidzutsa usiku wina kuti mtima ukugunda mosalongosoka, kuchipatala anapezadi vuto.

Mlonda47
Pamenepo yagwira ntchito, sindikukana. Koma EF siidziwa.

Nyenyezi_62
Tibwerere kwa ine pang'ono abale. Mapiritsi aja ndi awa: aspirin, ticagrelor, atorvastatin, bisoprolol, ramipril, spironolactone, ndi dapagliflozin. Chimene chikuwakwiyitsa bambo n'chakuti BP sanadwalepo, shuga alibe, koma akuti awapatsa mankhwala a BP ndi a shuga. Akuti adokotala anasokoneza mafayilo.

NamwinoWakale
Sanasokoneze, ndipo amene analemba mankhwalawo amaidziwa ntchito yake. Atatu oyambawo akulondera paipi: awiri kuti magazi asaundane pa stent, atorvastatin kuti mafuta asapitirize kuunjikana m'mitsempha. Anayi otsalawo ndi a pampu.

Mtima ukavulala, thupi limachita mantha. Limatulutsa timadzi tolamula mtima kuti uthamange, mitsempha ifinyike, impso zisunge madzi. Kwa tsiku limodzi zimathandiza. Kwa miyezi, zili ngati kukwapula ng'ombe yovulala mwendo kuti ikoke ngolo msanga. Chipinda chija chimayamba kutanuka, chimakula n'kukhala chobulungira, khoma limapyapyala, ndipo mnofu umene sunavulale n'komwe umayamba kufooka. Bisoprolol amachotsa chikwapucho. Ramipril ndi spironolactone amatsitsa katundu pangolo ndipo amaletsa kutanuka kuja. Dapagliflozin anayamba ngati mankhwala a shuga, zoona, koma anapezeka kuti amathandiza mtima wofooka ngakhale kwa amene alibe shuga. Kunena mosabisa, pa anthu ambiri amene nambala yawo imakwera pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, mbali yaikulu ya ntchitoyo ndi ya mapiritsi amenewa. Ndiye amene bambo akufuna kutayawo ndi amene akuwamangira mtima.

Kufooka akukumvako sikonama ayi. Bisoprolol amafooketsa masabata oyamba, thupi limazolowera. N'chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Koma mwatchula ticagrelor, ndiye ndifunse: kubanikako kumabwera pokwera masitepe pokha, kapena ngakhale atakhala phee, ngati mpweya ukuwathawa mwadzidzidzi?

Nyenyezi_62
Eya! Nthawi zina atangokhala, amakoka mpweya wautali ngati munthu wodzidzimuka, kenako zimatha.

NamwinoWakale
Kawauzeni adokotala mawu omwewo. Ticagrelor amadziwika ndi khalidwe limeneli kwa anthu ena. Nthawi zambiri silioopsa ndipo limachepa, koma likavuta amatha kusintha n'kuwapatsa wina. Asinthe ndi dokotala, osati bambo. Koma kubanika kumene kumabwera akagona chagada mpaka kufuna mapilo atatu, kapena kuwadzutsa pakati pa usiku, pamodzi ndi kutupa mapazi, amenewo ndi madzi, musadikire tsiku la kalendala. Gulani sikelo, azidziyeza m'mawa uliwonse akangochoka kuchimbudzi. Akakwera makilo awiri pa masiku atatu, imbani foni. Ayezedwenso magazi kuona impso ndi potaziyamu, chifukwa ramipril ndi spironolactone akaphatikizana amatha kukweza potaziyamu. Ndipo ibuprofen ndi diclofenac zichoke m'nyumbamo.

Mlonda47
Ramipril ine anandipatsa chifuwa chouma chosatha, usiku wonse khokhokho. Miyezi iwiri ndikumwa mankhwala a chifuwa osadziwa. Atandisinthira wina chinatha pa sabata ziwiri.

Kadzidzi
Popeza tonse ndife akuluakulu, ndifunse funso limene anthu akuliopa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nkhani ya kuchipinda imayambiranso liti? Ndikufunsira mnzanga.

Kambuku
Mnzanu ameneyo alinso ndi wotchi yapamkono? Kkkkk

NamwinoWakale
Muuzeni mnzanuyo kuti muyeso umene timapereka ndi wa masitepe: akatha kukwera masitepe a nsanjika ziwiri mwachangu popanda kupweteka pachifuwa kapena kubanika kwambiri, nthawi zambiri palibe choletsa. Wa bypass adikire kaye fupa lapachifuwa ligwirane, masabata 6 mpaka 8. Chimodzi chokha choopsa: mapiritsi othandiza abambo aja, sildenafil ndi anzake, sayenderana ndi mankhwala a nitrate, kuphatikizapo kopopera kapena kapiritsi koika pansi pa lilime. Zikakumana BP imagwa mpaka munthu kukomoka, ena kufa kumene. Afunse dokotala asanagule.

Kadzidzi
Mnzanga wamva, akuthokoza.

Mphepo_Yamkuntho
Ine ndinawerenga kuti thupi limadzipanganso lonse pa zaka 7. Ndiye chipsera chimenecho chidzatha chokha, nkhani ndi kudikira basi.

WophunziraUdokotala
Khungu ndi magazi zimadzipanganso msanga, mtima ayi. Ofufuza a ku Stockholm anayeza zimenezi mu 2009: munthu wa zaka 25 amasintha pafupifupi 1 pa 100 ya maselo a mnofu wa mtima pachaka, ndipo pofika zaka 75 imakhala yosakwana theka la pamenepo. Moyo wonse, maselo oposa theka ndi omwe munabadwa nawo aja. Ndiye chipsera chilipo mpaka kale. Chimene chimachira ndi mnofu wamoyo wozungulira.

Mphepo_Yamkuntho
Nanga ma stem cell, maselo amene akuti amamera mnofu watsopano, amene amatsatsa pa intaneti?

Chiphaliwali
Sungani ndalama zanu. Ndinatsala pang'ono kugulitsa galimoto. Dokotala wanga anangondifunsa kuti, zikanakhala kuti zimagwira, iye akanandibisira chifukwa chiyani?

Nkhwazi
Funso lina. Malume anawatchulira za kachipangizo ka batire koika pansi pa khungu. Kodi a Nyenyezi nawonso bambo awo akufunika kameneko? Paja onse ali pansi pa 35.

Chiphaliwali
Ine ndili nako, ICD. Sikawonjezera mphamvu ya mtima, kamangolondera. Malire a chipsera ndi mnofu wamoyo ndi pamene magetsi a mtima amasokonekera, ndipo mtima ukayamba kunjenjemera m'malo mogunda, kamamenya shoko kuti ubwerere. Kwa ine sikanamenyepo. Koma saika msanga. Lamulo lake ndi kudikira masiku osachepera 40 chichitikireni heart attack, ndi miyezi itatu ngati anatsegula mtsempha kapena kuchita bypass, munthu akumwa mankhwala mokwanira. Akadzaunikanso n'kupeza ukadali pa 35 kapena pansi, m'pamene amakambirana.

Fulu
Ndiye mwaona a Chiphaliwali, ngakhale lamulo likuti dikirani miyezi itatu chifukwa ambiri amakwera. Mwadzitsutsa nokha.

Chiphaliwali
Ambiri, osati onse. Ndi zomwe ndakhala ndikunena kuyambira pamwamba paja.

MayiWaAtatu
Inu awiri mukanakhala pabenchi imodzi kuchipatala bwenzi anamwino akukuthamangitsani. A Nyenyezi, chimene palibe wanena: funsani ngati kuchipatala kwanuko kuli pulogalamu ya masewera olimbitsa thupi a odwala mtima. Bambo anga ankaopa kusuntha, ankayenda ngati anyamula mazira pachifuwa. Kumeneko anawamangirira mawaya, n'kuwakweza panjinga yosayenda, namwino akuyang'ana pakompyuta. Ataona okha kuti mtima wafika 110 ndipo sanafe, mantha anatha tsiku lomwelo. Ndipo penyetsetsani kusinza kwa masanako. Kwina ndi mankhwala, kwina ndi mtima, koma kwina ndi kukhumudwa. Bambo anga anakhala mwezi wathunthu osaseka, ife tikungoti ndi kutopa. Amuna sanena.

Nyenyezi_62
Mwandikumbutsa. Dzana ndinawapeza atakhala m'galimoto pabwalo, injini yozima, angogwira chiwongolero. Nditafunsa anati akungoyesa ngati mpando uli bwino. Ndiwatchulira adokotala zimenezinso.

Gogo_Wa_Asanu
Ndachedwa kufika pa nkhaniyi. Ine stent yanga ili ndi zaka 11. Fodya ndinasiya tsiku lomwe ndinagonekedwa, paketi inatsala m'thumba la jekete ndipo mdzukulu wanga anaipeza chaka chatha, ndudu 13 zili momwemo. Ngati bambowo amasuta, mayi, yambirani pamenepo.

Nyenyezi_62
Ankasuta, agogo. Chichokereni kuchipatala sanayatse, koma machesi akuyendabe nawo m'thumba.

Nyenyezi_62
Ndabweranso patatha miyezi itatu, paja ndinalonjeza mumtima kuti ndidzakuuzani. Dzulo anawaunika: 41. Kunsonga kwa mtima sikukusunthabe, adokotala akuti pamenepo ndi chipsera, tisayembekezere kanthu. Koma khoma lam'mbali limene linali duu lija layamba kufinya. Za ICD akuti pakadali pano ayi. Ticagrelor anamusiya momwemo chifukwa kubanika kuja kunatha kokha sabata yachisanu ndi chimodzi. Bisoprolol amukweza kawiri, ndipo akuti mwezi wamawa achotsa ramipril n'kuika sacubitril valsartan, adzaunikanso pakatha miyezi ina itatu. Masitepe akukwera 24 asanapume, ndimawerenga ndine chamumtima, iwo sadziwa. Machesi aja ndinawapeza m'bini.

Wofatsa
41 ameneyo akhoza kukhala 38 kapena 45, paja ndinanena. Koma masitepe 24 ndiye sanama.

Fulu
Mulungu alemekezeke. Apitirize kusuntha mzere.

Chiphaliwali
Ndakondwa nanu, mayi, ndipo ndikunena zochokera pansi pa mtima wanga wa 29. Chenjezo limodzi: nambala ikakwera, bambo adzayambanso nyimbo ija yoti achira, mapiritsi achepe. Anthu ambiri amene amasiya mtima utakwera, umatsikanso. Ndipo posintha ramipril kupita ku sacubitril valsartan pamafunika maola 36 pakati, musamwetse zonse tsiku limodzi.

Nyenyezi_62
Nyimboyo ayiyamba kale m'galimoto pobwerera. Za maola 36 adokotala analemba pa envelopu ndi cholembera chofiira. A Nkhwazi, malume anu zinatha bwanji?

Nkhwazi
Anavomera opaleshoni. Lero ndi tsiku la 9, ali kunyumba, akumbatira kapilo. Mwendo ndiye watupa ngati mmene ananenera a MayiWaAtatu. Kodi masokosi othina aja amavala usiku womwe, kapena masana okha?

MayiWaAtatu
Bambo anga ankavala masana okha, usiku n'kuvula, mwendo n'kuusanjika papilo. Koma funsani amene anawasoka, chifukwa aliyense amalangiza zake malinga ndi bala.